Mpope Udikire

Beryl atagwira cholembera kuti asaine, maso ake anagwera pa chaka chimene lizi yatsopano, pangano lowalola kukhala ndi nyumba pamalo a mwini wake, idzathere: 2183.

Iye ndi mwamuna wake Clive ankagulitsa fulati yawo ya ku Croydon kuti akakhale kwa mwana wawo Gillian. Banki ya wogula inakana fulati yotsala ndi zaka zochepa pa lizi, ndiye awiriwa analipira mwini malo kuti awawonjezere zaka makumi asanu ndi anayi.

Kukhitchini mpope unkadontha monga mwa masiku onse. Pawindo maluwa ake ofiira anali atangomasula kumene.

"A Clive," anatero Beryl, "zaka zonsezi tagula tokha, ndiye tizipereke kwa munthu wofuna kugumula khitchini yanga?"

"Nanga mawondo akowo ndi masitepe aja?"

"Mawondo ndi anga. Kwa Gillian kuli agalu atatu, ndipo tiyi wake amakhala ngati madzi otsukira mbale."

Clive anavula magalasi n'kuseka mpaka kutsokomola. "Ndiye tikhale muno mpaka 2183?"

"Ine ndikhala. Inuyo muona nokha."

Beryl anasaina lizi ija motsindika, pepala n'kutsala pang'ono kubooka. Kenako anatenga foni kuti auze ogulitsa nyumba adzachotse chikwangwani chawo panja.

"Poti sitikusamukanso, mpope uja mukonze lero," anatero akudikira kuti ayankhe.

Clive anasuzumira chaka chija papepala, n'kudzithirira tiyi wina.

"Mayi, kuthamangiranji? Nthawi tsopano ilipo."