Mphini za Anangondo

Chiyambireni lamulo loti chithunzi chilichonse chizidutsa kaye pa makina a kuboma, ine ndi amuna anga timabisa mafilimu athu mumtsuko, pansi pa mtedza. Akuti makinawo amakonza nkhope. Amafafaniza makwinya, amabwezera mano, khungu n'kuliyeretsa ngati mbatata yosenda.

Anangondo atamwalira, mwana wawo Feliya anabwera ku situdiyo kwathu kudzatenga chithunzi choika pabokosi. Mayiwo ndinawajambula ndekha chaka chatha atakhala pampando wathu wansungwi, mphini zimene anawatema ali namwali zikuoneka bwinobwino m'masaya. Koma chithunzicho chinabwerako kuboma chili see, ngati cha mtsikana wotsatsa sopo.

Ndinatseka chitseko n'kuvundukula mtsuko uja.

"Achemwali, filimu yeniyeni ndi iyi," ndinatero. "Ndikutsukirani mwakachetechete. Kaseti yawo iliponso, akuimba nyimbo za pamtondo, kutsokomola kwawo kuli momwemo."

Feliya anakweza filimuyo pawindo, n'kukwinya mphuno ngati wanunkhiza nsomba yowola.

"Iyayi, mayi. Alendo a kutauni akaona zipsera zimenezi adzati tinkawazunza. Ndipatseni cha kubomacho. Apa ndiye akongola."

Anatuluka atachikumbatira pachifuwa, kaseti osaifunsa n'komwe. Amuna anga anapitiriza kupukuta kamera, osadzutsa mutu.

"Mawa tilawirire kumaliro," anatero.

"Pitani nokha," ndinayankha. "Mtsikana amene akukamuikayo ine sindikumudziwa."