Lamba wa mwana pamimba ya bambo

Panali munthu wina, makaniko, woyenda mimba patsogolo, miyendo tang'a, makiyi akulira m'chiuno. Polankhula amatulutsa mawu a m'mgolo: "Eee, za mawaya musandiuze ine. Ine ndi mawaya tinayamwa bere limodzi!"

Mkazi wake anali woyembekezera, koma akagona amaliza mkonono wogwedeza malata, mpweya nthawi zina n'kumabanika. Adokotala anati akagone kuchipatala usiku umodzi, akamuyeze ali m'tulo. Anamwino anamumata timawaya kumutu, pamimba n'kumumanga lamba womvera mtima wa mwana. Anachenjeza kuti lambayo asamasulidwe, akavuta angoliza belu, iwo aziona zonse pakompyuta m'chipinda china.

Pakati pa usiku mayi anayamba kudandaula kuti lamba akumuyabwa. Belu ali pompo! Koma makaniko wathu anati belu ndi la anthu osadziwa makina. Makinawo amangofuna mimba basi, ndipo mimba iye anali nayo yoposa ya mkaziyo. Anamasula lamba uja pamimba pa mkazi wake n'kudzimanga yekha, waya n'kubisa kunsi kwa bulangete, gone pampando.

Tsonotu mtima wa mwana umathamanga, pomwe wa bambo wogona umangoti gu... kenako gu... ngati injini yopanda mafuta.

Chitseko chinatseguka mwamphamvu. Anamwino, adokotala, kabedi ka matayala. Akuti mtima wa mwana watsika moopsa, mayi apite ku opaleshoni pompano. Mayi anakumbatira bulangete lake, maso pa mwamuna. Mwamunayo anadzidzimuka kutulo. Atamva za mpeni, mtima wake unayamba kuthamanga ngati wakuba. Anamwino anayang'ana makina nati mwana watsitsimuka, ayambe adikira. Makaniko anapumira m'mwamba, mtima unakhala pansi, ndipo makina nawo anatsika.

"Watsikanso, kankhani," anatero adokotala.

Mayi anagwira chitsulo cha bedi. "Bambo ake, mulankhula kapena anding'ambe kaye?"

Makaniko anaimirira pang'onopang'ono. Bulangete linagwa, lamba ali nga pamchombo. Mawu a m'mgolo aja anali atasanduka a kamwana ka mphaka.

"Adokotala, pepani. Mtima mukuumvawo ndi wanga."

Phunziro: Zimene akumanga a chipatala, omasula ndi a chipatala omwewo. Chikakuyabwa, liza belu. Lamba atabwerera kwa mwini wake, mwana anapezeka ali bwinobwino, koma makaniko uja mpaka lero anzake kugalaja amamufunsa kuti achira liti. Tumizirani azibambo onse odziwa chilichonse, makamaka a mimba zazikulu.