Khoma la a Mateus

Kabaso anafika kachinayi pakhoma lija mtima uli m'malere. Bwana wake ku Lusaka anali atanena mosapsatira: akapanda kupeza khomali pofika Lachisanu, ntchito yatha. Tsikuli linali Lachinayi, ndipo mkazi wake kunyumba anali woyembekezera.

Khomalo linali la nyumba ya a Mateus, mkulu wina wa pa Nyimba, moyang'anizana ndi mahampu a pamsewu waukulu. Malole ochokera kudoko la Beira ku Mozambique amachepetsa liwiro pamenepo, ndipo dalaivala, afune asafune, amaliona. Kampani ya Kabaso inkafuna kupentapo chithunzi chotsatsa matayala.

Koma wina anali atamuphangira kale malowo. Pakhomapo panali zilembo zofiira zikuluzikulu, ROSINHA 1987, m'munsi mwake nambala ya foni. Penti yake inali yatsopano. Kabaso sanachite kufunsa. Aka n'kakampani ka ku Mozambique basi, ka sopo kapena mafuta ophikira.

"Bambo, nizakupasani kawili ndalama zamene ninakamba mailo," anatero Kabaso.

A Mateus anali pampando, kafoni kakale kakulendewera pakhosi ndi chingwe. Maso awo ankatsatira lole ina mpaka inazimiririka. Denga la nyumba yawo linali lobooka, nkhokwe ili yopanda kanthu. Munthu wovutika chonchi n'kumakana ndalama? Ndiye kuti eni Rosinha ankalipira bwino zedi.

"Nanga aja amakulipilani zingati?"

"Khoma ili lili na nchito kale, mwana wanga," anayankha mkuluyo.

Kabaso anagwada pafumbi, ndi tayi yemwe. Anatchula za bwana, anatchula za mkazi wake. Amayi ogulitsa nthochi pamahampu paja anayamba kukodolana. A Mateus anamumvera chisoni, koma anangopukusa mutu.

Panatsala njira imodzi: kuchonderera eni kampaniyo. Kabaso anadzikutumula fumbi, n'kupita kuseri kwa mtengo wa mango. Anaimba nambala ya pakhoma ija.

Kafoni ka pakhosi pa a Mateus kanalira. Mkuluyo anadzambatuka, mpando n'kugwa.

"Rosinha? Ndiwe, mwana wanga? Waona khoma? Nine atate ako. Sininakusiye dala paja pothawa nkhondo ku Mozambique. Kamba, mama, nikumvela."

Kabaso anangoti kukamwa yasa, foni ili kukhutu. Kudula foniyo kunamukanika.