Mapepala a Mafuta a Nsatsi

Felton Chirambo anazika kamtengo komaliza pansi pa zenera la kuchipinda, napukutira manja ake pa udzu. Pa kamtengo kalikonse panali pepala lopaka mafuta a nsatsi, lakuda bii ndi touluka tomatirira.

Mapepalawo sanali ake. Anawazula m'mawa womwewo m'nkhalango yotetezedwa ya m'mbali mwa Lingadzi, kumene a zaumoyo ankatchera tintchentche tina tochepa kuposa udzudzu. Felton anali atamva kuti tina mwa ito tikaluma munthu timamusiyira matenda.

Iye chimene ankafuna ndi nyumbayo. Chisamukire maofesi kuchoka ku Zomba, ankagona pamphasa kwa mnzake ku Area 2. Mkazi wake Janeth anatsala ku Zomba ndi ana, ndipo analumbira kuti ku Lilongwe sadzapondako opanda khomo lakelake. Tsono nyumba yatsopanoyi, yoyang'ana nkhalango, akuluakulu a kuntchito anaipereka kwa Lawford Zikhale, mnzake wa mu ofesi. Lawford akanaikana, inali kugwera Felton.

Posakhalitsa Lawford anatulukira ndi mkazi wake kudzaona nyumba. Anapeza Felton ataimirira, dzanja lili pachibwano ngati ali pamaliro.

"Achimwene, ndimangodutsa," anatero Felton. "Koma zimene ndaonazi, kukhala chete kungakhale kuchimwa."

"Ndi mankhwala kodi?" anafunsa mayi Zikhale akubwerera m'mbuyo.

"Bola akanakhala mankhwala, alamu, tikanaitana abusa. Iyi ndi misampha ya a zaumoyo. Taonani mmene yakolera! Kamodzi kakangokulawani, chilonda chake sichipola. Ena kapamba amatupa mpaka lamba kukana."

Lawford anasuzumira pepala limodzi, nayamba kudzikanda pakhosi.

"Moti kamwana kathu kaja kazikwawa pano?" anatero mayi Zikhale. "Bambo, tiyeni. Bola kubwerera kwathu ku Mitundu."

Tsiku lomwelo Lawford anakabweza makiyi, nakadandaulanso kwa a zaumoyo. Felton anamuperekeza mpaka pakhomo la ofesi, akupukusa mutu momumvera chisoni. Madzulo ake anazula timitengo tonse tija n'kutiponya m'dzenje.

Mwezi usanathe, lole inaima pakhomopo itasenza bedi, makina osokera ndi dengu la nkhuku. Janeth anatsika, nazungulira nyumba yonse. Anatsegula mpopi, madzi natuluka. Anayatsa getsi, nalizimitsa, naliyatsanso.

"Abambo ake Lizzie, nyumba yonseyi anakupatsani bwanji inu?"

"Mutu, amayi," anayankha Felton akudzigogoda pachipumi. "Ena amagwiritsa ntchito ponyamulira chipewa basi."

Bedi lili pakati pa khomo, theka m'kati theka kunja, kunafika mayi wina wovala yunifomu yoyera, atanyamula loko wamkulu. Anati ndi Naphiri, wa ku zaumoyo.

"Pepani bambo, katunduyo abwerere m'lole. Nyumba ino sigonamo munthu mpaka titathana ndi tintchentche."

Felton anaseka. Anamukokera mayiyo pambali, natsitsa mawu kuti Janeth asamve.

"Mayi, musadzivute. Mapepala amene anaopseza a Zikhale aja sanali a pano. Winawake wopanda khalidwe anangowatola m'nkhalango. Pano palibe kanthu, ndikutsimikizirani."

"Zoti anali a m'nkhalango tikudziwa," anatero Naphiri. "Aja anakola touluka wamba, tosaluma n'komwe. Nkhalango yonse ija tinaisaka osapezamo kanthu. Koma a Zikhale atadandaula tinabwera kudzatchera athu, ndipo mtundu woopsa uja taupeza pamalo amodzi okha: m'chulu icho, kuseri kwa chipinda chanu chogona."

Pakhonde, Janeth anali atayamba kale kumasula nkhuku.