Pepala la Nambala 27

Atafika pa pepala la nambala 27, a Timoteyo anagwetsa bolopeni yofiira.

Tchuthi n'cha anthu ena, osati aphunzitsi. M'mawa ankaphunzitsa ana makumi anayi okonzekera sitandade 8, masana kukumba kachewere kudimba, madzulo kuumba njerwa. N'chifukwa chake chimangirizo cholembedwa Lolemba ankachichonga Lachisanu, ali okhaokha m'kalasi, mphepo ya Dedza ikulowera pawindo losweka.

Lamulo lawo linali limodzi: papepala salembapo dzina, koma nambala, ngati pa mayeso a boma. Asamapezeke wina wonena kuti aphunzitsi amakondera ana a kwaya kapena awo omwe.

Mutu unali "Tchuthi Changa". Ena analemba za mpira ndi mbewa. Nambala 27 analemba izi:

"Kwathu sandiona. Atate amatuluka ndisanadzuke, pobwera amakhala ali dzandidzandi, maso ali psuu, osalankhula ndi munthu. Ndinawauza kuti ndili ndi mawu, anati mawa. Mawa lakelo latha sabata zitatu. Dalaivala wa lole ya kachewere wandipezera ntchito ku Mozambique. Tinyamuka Lachisanu masana. Ngati alipo wondifuna, andiletse."

Anayang'ana wotchi. Wani koloko inali itadutsa kale.

Mayo ine! Malire si awa ali pamphunopa? Mwana akangowoloka ndi anthu a malole, basi, makolo amatsala ndi chithunzi.

Sanavutike kuganiza. Ameneyu ndi Victoria, mwana wa a Benedicto a ku Kabwazi, aja amagona m'ngalande ndi kachasu. Dzana lomweli anamuona kumsewu akuseka ndi anyamata okweza matumba a kachewere. Mtima unawawawa, mkwiyo nawo n'kuwagwira. Kubala n'kosavuta, koma kulera! Mwana kulira chonchi m'nyumba, bambo osamva? Anatola bolopeni ija n'kulemba m'mphepete mwa pepala: "Bambo wotere sayenera kukhala ndi mwana."

Anaimbira a Benedicto. Foni yozima. Anaimbanso, chimodzimodzi. Thukuta linawatuluka m'nyengo yozizira ngati imeneyi. Athamangire kumsewu? Nanga akakagwira mwana wa eni pagulu, n'kupezeka kuti si iye? Kaundula wa manambala anali atamusiya kunyumba, pamwamba pa kabati.

Anaimbira akazi awo, a Rute.

"Amake Sungeni, siyani zonse! Tengani kaundula pakabatipo. Mwana wa eni akutayika lero lomwe."

"Ndili ndi mwana kumsana, mbuzi zalowa m'nyemba, inunso..."

"Chonde, mayi, fulumirani! Mayunitsi akutha. Nambala 27, si Victoria ameneyo?"

Anamva mpando ukukokedwa, kenako mapepala akuvundukulidwa. Maso awo anali pa zilembo zija, zozungulira bwino, zaukhondo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu akuphunzitsa, zilembo za ana a eni ankazidziwa ngati nkhope. Izi zokha zinali zachilendo.

"Victoria ndi 12," anatero a Rute. "27 ndi Sungeni wathu. Bwanji kodi? Paja wachoka kale ndi chikwama, akuti mwamutuma kumsewu kukalondera matumba."