Mzere wa Malemu Fanwell

Magetsi atathima ku Mtendere, Towela anathamangira kukashopu ka makompyuta ka ba Given, komwe kunali jenereta. Pulogalamu ya pakompyuta imene ankalemba inkafunika m'mawa, apo ayi ntchito imuthera.

Pa kompyuta ya m'kashopumo, kompaila, yomwe imayesa ngati pulogalamu yalembedwa bwino, inakana, n'kuloza mzere 212 wa fayilo ina. Chizindikiro cholozeracho chinaikidwa ndi kachida kosanjira mizere ya pulogalamu kamene anapanga mnzake wa kuntchito, malemu Fanwell. Koma fayiloyo inali mu laputopu ya Fanwell mokha, yomwe inaphwanyika naye limodzi mu minibasi.

Atayesanso, inaloza 213.

"Ba Given, napapata, osazima jenereta!"

"Mafuta yanasila kudala, sisi."

Kunjadi kunali zii: mafuta anali atatha kale, jenereta itazima. Towela anachotsa manja pa kiyibodi, koma sikirini inkawalabe, nambala n'kumakwera yokha: 214, 215. Wina anali akulembabe.