Chule Akudikirabe Dokowe

Padangotero, chaka cha chilala, ana a Chule ndi a Nkhanu ankatsekula m'mimba chifukwa chomwa madzi amatope. Dokowe, mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja, anawamvera chisoni.

"Ndikuthandizeni bwanji?" anafunsa.

Chule anati, "Muzindibweretsera madzi oyera kukamwa kwanuko, bwana."

Nkhanu anati, "Ine jomphani pansi apa, mundiyambire chitsime. Kwinako ndikumba ndekha."

Dokowe anachita zonse ziwiri. Chule anamuseka mnzakeyo, pakuti ana ake anachira msanga Nkhanu akadali kukanda dothi.

Chisanu chitayamba, Dokowe anabwerera kwawo osatsanzika. Ana a Chule anadwalanso.

"Dzatungeni kuno, alamu," anaitana Nkhanu.

"Iyayi, abwera. Ankatikonda aja."

Mpaka lero maso a Chule ali pamwamba pa mutu. Mtambo ukadutsa amalira, kuyesa ndi mapiko.